Mayi Tiyese ndi Beseni Lawo la Madzi

Mayi Tiyese sankakhulupirira chinthu asanachiyese okha. Ukawauza kuti galasi limasweka, ankakuyang'ana ngati wabwera ndi miseche, n'kunena kuti, "Tiyese." Dzinalo linachokera pamenepo, ndipo lenileni lija ngakhale aphunzitsi anzawo analiiwala. Ankaphunzitsa ana oyamba kumene sukulu. Ine ndine telala, shopu yanga inayang'anizana ndi geti la sukuluyo, ndiye zambiri ndinazionera pafupi.

Akamakupatsa moni, maso awo sankakhala pankhope pako ayi, ankakhala pamabatani. "Mwadzuka bwanji atelala? Ili ndi la pulasitiki kapena la nyanga?" Usanayankhe, aligogoda kale ndi chikhadabo. Ena amati m'basi anapempha bambo wina kuti avule dzino lake loikirira alione bwino. Ine sindinalipo, koma sindikutsutsa.

M'kalasi mwawo munali beseni lalikulu la madzi. Aphunzitsi ena amangolemba pabolodi kuti mwala umamira, thabwa limayandama. Iwo ankaponya m'beseni. Tsiku lina ahedi analowa kudzaona chimene chinkasokosa, atavala wotchi yatsopano imene ankainyadira kwambiri.

"Ahedi, wotchi ija mumati siilowa madzi ndi imeneyi?" anafunsa Mayi Tiyese.

"Ndi imeneyi. Wogulitsa anandiuza yekha."

"Ana inu, zongouzidwa timatani nazo?"

"Timayesa," anayankha ana onse pamodzi.

Ahedi anafuna kukana, koma timaso tonse tija tinali pa iwo. Anaivula. Inamira bwinobwino, n'kusiya kuyenda pomwepo.

"Lero taphunzira ziwiri," anatero Mayi Tiyese akuipukuta ndi mpango. "Wotchi imamira, ndipo wogulitsa amanama."

Vuto linali loti phunziro silinkathera kusukulu, ana ankabwera nalo kunyumba. Mwana wanga wamkazi atalowa kalasi imeneyo, mtendere unasamuka pakhomo pathu. Choko changa cholembera nsalu ndinachipeza chitasanduka phala m'madzi. Makapu adothi anatha limodzilimodzi, ati amafuna aone ngati amadumpha ngati apulasitiki. Mayi ake anapita kusukulu atakwiya kuti akadandaule. Anabwerako atatumidwa kukatolera mabotolo ndi zitini za phunziro la mawa lake.

Kenako Mayi Tiyese anaphwasula mawailesi akufa, n'kugawira ana maginito. Mwana wanga anatola nawo mapini onse amene anatayika pansi pa makina anga, ine n'kuti, kuphunzira ndi kumeneku. Posakhalitsa kunabwera mlongo wanga ndi amuna ake. Mlongo wangayo anali atavala ndolo zagolide zimene alamu anamugulira, zomwe mbiri yake tinali titatopa nayo. Mwana anakwera pamiyendo pa azakhali ake, n'kufikitsa maginito kukhutu. Ndolo ija inalumpha yokha, n'kumatirira.

"Azakhali, aphunzitsi anati golide sagwidwa ndi maginito. Ichi ndi chitsulo."

Alamu anayamba kutsokomola.

"Tsokomolani mumalize," anatero mlongo wanga. "Zinazo tikakambirana kunyumba."

Makolo ambiri tinapangana zokapempha ahedi kuti mayiwa awapatse kalasi ya ana akuluakulu, amene amadziwa mtengo wa kapu. Wotsogolera gululo ndinali ine.

Tisanapite, kunagwa mvula yambiri ndipo madzi analowa m'shopu. Ndinkasita buluku la kasitomala ndilibe nsapato, osadziwa kuti chingwe cha ayironi chasupuka pafupi ndi chogwirira. Magetsi anandigwira. Dzanja linakana kutambasuka, mawu anakana kutuluka, thupi lonse linkangonjenjemera. Mkazi wanga anathamanga kuti andikoke.

"Amayi, musawagwire, akugwirani nanunso!" anakuwa mwana uja.

Anakwera pampando, n'kutenga rula yanga yaitali yathabwa imene inali patebulo. Anamenya pulagi mpaka inazuka pakhoma. Kenako anandimenya nayo inenso pamkono, ati kuti atsimikize.

Ndinakhala pansi m'madzi momwemo. Mkazi wanga ankalira akundisisita dzanja, ine ndikungopuma, kumva mtima ukugunda, n'kumadziuza kuti ndidakali moyo. Mwanayo anali akadali pampando ndi rula yake.

"Magetsi sadutsa m'thabwa louma," anatero, ngati akuyankha funso m'kalasi. Atatero ndi pamene naye anayamba kulira.

M'mawa mwake ndinapita kusukulu kukathokoza Mayi Tiyese, chipewa chili m'manja. Koma panali chinthu chimene chinkandivuta mumtima.

"Aphunzitsi, zamagetsizi munaziyesanso pa ana athu?"

"Atelala, misala ndili nayo koma siinafike pamenepo. Tinayesa ndi batire la tochi ndi kababu." Kenako anasuzumira kumbuyo kwanga. "Nanga ayironiyo simunabwere nayo? Ana akanaona chingwecho."

Zokawachotsa zija ndinazisiya. Anzanga atandifunsa tsiku lopita kwa ahedi, ndinati ndatanganidwa ndi mayunifolomu.

Mayi Tiyese anaphunzitsa mpaka tsitsi linayera mbuu, anapuma ntchito, kenako anadwala kanthawi kochepa. Nesi amene ankawasamalira akuti anakangana nawo za kapaipi ka diripi, kuti ndi ka labala kapena pulasitiki, mpaka tsiku lomwe anatisiya.

Kunena zoona, msewu wathu unapuma. Ana amaweruka yunifolomu ili youma. Mawindo a kalasi ija onse ali ndi magalasi. Makolo amasiya foni patebulo osayamba ayang'ana kumene kuli ndowa. Mphunzitsi amene analowa m'malo mwawo ndi munthu wabwino, zinthu amazijambula pabolodi mokongola, ndipo palibe amene amadandaula.

Dzana kunabwera mayi wina kudzayesa diresi, ali ndi kamwana kake ka kalasi yomweyo. Kanakhala pafupi ndi bokosi langa la zidutswa za nsalu, manja ali pamawondo, osakhudza kanthu.

"Ameneyu ndi waulemu, sagwiragwira zinthu za eni," anatero mayi ake monyadira.

Ndinavomera. Iwo atalowa kuseri kwa katani, ndinakankhira bokosi lija pafupi ndi mwanayo ndi phazi. Analiyang'ana, n'kuyang'ana kukatani kuja, manja ake osachoka pamawondo.