Chipwitikizi Changa Chinathera mu Holo pa Mitundu

Pali zinthu zina zoti munthu ukazikumbuka uli wekha panjira umangoima n'kudzigwira pakamwa. Yanga ndi iyi, ndipo mboni zake zinadzaza holo.

Ine geni yanga ndi ya nyemba. Ndimakaoda kumalire a Mozambique n'kudzagulitsa pamsika wa Mitundu. M'maulendo amenewa ndinatolako timawu titatu ta Chipwitikizi: bondiya wa moni, obrigadu wothokozera, ndi kena kofunsira mtengo. Kumalireko aliyense amalankhula Chichewa, koma zimenezo anzanga sindinkawauza. Pakhonde la sitolo ya Che Jafali, pomwe timasewerera bawo, zinkadziwika kuti ine Chipwitikizi ndimachimwa ngati thobwa.

Ndiye kunabwera chikondwerero cha mafilimu. Achinyamata ena a m'tauni ankazungulira ndi makina awo, Lachisanu anali ku Nathenje, Loweruka masana n'kufika kwathu. Anatchinga mazenera a holo ndi mabulangete n'kupachika chinsalu choyera. Ndinapita ndi mayi a kunyumba komanso apongozi anga aakazi, omwe anabwera kudzacheza kuchokera ku Malingunde (apongozi oti chikwatirireni mwana wawo, sanandionepo ngati munthu waphindu).

Makatuni anadutsa, ana akugubuduka ndi kuseka. Kenako mtsikana woyendetsa mwambo anatenga maiki.

"Yotsatirayi ndi ya ku Mozambique, koma mawu omasulira akukanika kutuluka. Alipo womva Chipwitikizi atithandize?"

Ine maso pansi, kuyang'ana nsapato ngati ndaziona koyamba. Ndinangomva Che Jafali kumbuyo: "Alipo! Uyo wakhala pakati pa azimayiyo!"

Apongozi anatembenuka. "Kani bambo mumatha chizungu cha kumeneko?"

Bambo! Zaka zonsezi anali asananditchulepo choncho. Miyendo inangoimirira yokha.

Filimu inayamba. Mayi wina wovala duku anaima m'munda n'kutsegula pakamwa, ndipo mwayi wanga, liwu loyamba linali langa lomwe.

"Akuti mwadzuka bwanji!" ndinakuwa pa maiki. Anthu m'manja. Mtima unakhala pansi.

Koma mayi uja sanalekere pomwepo. Anayamba kuthira mawu ngati mvula ya matalala, uku akuloza kumsewu. Ndinadikira obrigadu, sanabwere. Holo yonse maso pa ine. Nkhope ya mayiyo inali yodandaula, ndiye ndinangoti Mulungu ndithandizeni.

"Akuti... mwamuna wanga anachoka kalekale. Anatenga ndi njinga yomwe."

Abale inu, sipanathe nthawi, pachinsalu panatulukira bambo wina akupalasa njinga.

"Ndi ameneyo!" anakuwa mayi wina kutsogolo. Holo inagwedezeka. Ine thukuta linauma, ndinamva ngati ndamera mapiko.

Bambo uja anakafika pakhomo pena n'kukhala pamphasa ndi mayi wina, akusankha chimanga m'lichero.

"Uyu ndiye wachiwiri," ndinatero motsitsa mawu. "Akuti ndiwe wekha, uja ndinangomukwatira chifukwa cha munda."

Azimayi anatsonya holo yonse. Apongozi anga anaimirira n'kuloza chinsalu: "Wopanda manyazi! Taonani mutu wakewo!" (Pamenepa ndikanasiya. Koma munthu wolawa kuomberedwa m'manja ndi chidakwa.) Ndinapatsa aliyense mawu ake, ndi mbuzi yomwe inadutsa ndinati ndi ya chindapusa. Kumapeto mayi woyamba uja anapereka dengu la chimanga kwa bambo uja, ine n'kumaliza: "Akuti tenga katundu wako, usadzapondenso pano!" Nthungululu, malikhweru, ena kumenya mabenchi.

Atachotsa bulangete limodzi pazenera, woyendetsa mwambo anati, "Tili ndi mwayi, yemwe anajambula filimuyi wafika."

Pafupi ndi chitseko panaimirira mtsikana wina akupukuta misozi. Ndinati eya, ndamukhudza mtima. Ndinamupatsa maiki ndi manja awiri, n'kuwonjezera kabondiya.

"Zikomo achimwene," anatero m'Chichewa chomveka bwino kuposa changa. "Ine ndinakulira ku Angonia. Minibasi inandichedwetsa, ndiye ndafika mochedwa, ndapeza mayi anga atasiyidwa kale ukwati."

Kenako analoza chinsalu.

"Aduku aja ndi mayi anga, ndi alangizi a zaulimi. Apanjinga aja ndi malume anga, mlongo wawo, mkulu wa mpingo. Enawo ndi akazi awo, amodzi omwewo. Filimuyi ikunena za kusunga mbewu za makolo."

Kuseka kunayambira kwa Che Jafali. Anaseka mpaka chipewa chawo chinagwa, kenako holo yonse inagwa nawo. Ine ndinangoima poteropo, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu wochedwa.

"Nanga bwanji simunandiletse, chemwali?" ndinafunsa chonong'ona.

"Ndinafuna," anayankha akusekabe, "koma nanenso ndimafuna ndimve kuti zitha bwanji."

Pobwerera kunyumba apongozi anali patsogolo, osacheuka. Tinadutsa msika wonse. Titafika pamjigo anaima, n'kuyang'ana mwana wawo, osati ine.

"Iwe, pokufunsira anakuuza chiyani ameneyu?"

"Anati ali ndi ng'ombe zisanu ndi ngolo," anayankha mayi a kunyumba mosachedwa n'komwe.

Apongozi anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu yemwe wapeza yankho la funso lakale.

Ndinalumbira tsiku lomwelo kuti pakamwa pangapa ndimanga. Ndipo ndikuyesetsa ndithu. Dzulo pabawo wina amati chaka chamawa abweretsa filimu ya Chifalansa, ine ndinanena chilungamo pamaso pa onse kuti chimenecho sindichitha kulankhula. Ndimangomva.