Mkamwini wa pa Ayezi

Lolemba

Chinkhoswe cha mwana wanga Tadala ndi Lamlungu likudzali, tikangoweruka ku tchalitchi. Holo ya ku Gorbals, kuno kwa Asikoti, yapezeka. Zitenje zafika. Achimwene, omwe ndi ankhoswe athu, abwera Lachisanu kuchokera ku Leeds.

Mkamwini ndi Kyle, wa ku Canada. Ntchito yake: kuthamangitsa kampira kophwatalala ndi ndodo pa ayezi. Akuti hoke. Akuti amalipidwa. Ndinaphunzitsa mwana mpaka digiri kuti andibweretsere munthu wongoterereka?

Chonditonthoza n'chakuti timu yawo yakhala ikukwapulidwa chaka chonse. Masewero omaliza a ligi ndi Lachitatu. Akagonja, sizoni yatha, Lamlungu ali mfulu. Tadala akuti agonja ndithu. Zikatero ndiye bwino.

Lachiwiri

Kyle wabwera kudzayesa malaya. Zimene ndaona:
ndevu ngati tchire la m'dzinja,
mano awiri akutsogolo palibe,
chikwama chake cha masewero. Fungo! Ndatsegula mawindo onse, kuzizira kuli apo.

Ndamuuza akamete. "Pepani Amayi," watero. Chichewa chake chathera pomwepo. Tadala akumasulira: timu yonse inasiya kumeta chipambanireni kawiri motsatizana, kumeta n'kuitana tsoka. Kani azungu nawonso ali ndi zizimba! Ife n'kumatiuza zaka zonsezi kuti tisiye.

Dikirani. Kupambana kawiri? Liti? Bwanji ine sindinauzidwe?

Lachitatu

Ndasala kudya. Pemphero ndi limodzi: agonje. Asavulale, Ambuye, angogonja.

Bambo a Tadala akuti akukagula anyezi. Anyezi, atavala sikafu ya timu? Munthu woti ngakhale mpira wa miyendo amauonera ali mtulo!

Abwera mawu atasasa, anyezi palibe. Apambana. Chigoli chomaliza wamwetsa ndi Kyle: kampira kachita kumugunda pathako n'kulowa. Pathako! Tsopano alowa m'ndime yachipulula. Loweruka asewera kuno, Lamlungu ku Belfast. Kutsidya kwa nyanja. Lamlungu langa!

Lachinayi

Sindikuyankhula ndi munthu.

Mayi Gondwe a kumpingo aimba foni: "Tamva kuti akamwini sadzakhalapo. Nanga tisoketse ndithu?" Mawu achifundo, koma ndikumva kuti akumwetulira. Mwana wawo anakwatiwa ndi dokotala wa mano, sitipuma nazo.

Nzeru yatsopano: tichite Loweruka m'mawa. A holo akuti muli phwando la ana. Kyle akuti m'mawa amakonzekera, masana amagona. Amagona! Kochi ndiye amalamula. Chimunthu cha ndevu zake, kugonekedwa masana ngati khanda.

Lachisanu

Achimwene afika. Ndawafotokozera zonse kuti akamukalipire mkamwini, iwo ndiye mwini mbumba. Amvetsera mwachifatse, agwedeza mutu, kenako: "Matikiti a mawa alipobe?"

Wondiukira wachiwiri uyu m'nyumba muno.

Tadala ndamupeza akulira kubafa. Akuti timu ikafika patali, eni timu amusunga Kyle chaka china. Apo ayi abwerera kwawo, ndipo iye amutsatira. Ku Canada! Mwana mmodzi yekhayo! Ndiye Lachitatu lija ndinkasala kudya kuti andilande mwana? Amaopa kundiuza, akutero. Amaopa chiyani, ine ndimakwiya?

Tsopano ndikwiyire ndani?

Loweruka

Ndapita nawo. M'bwalomo muli ngati m'firiji, anthu n'kumalipira kuti akhalemo. Ng'oma, nyimbo, kukuwa. Kampira kake sikaoneka n'komwe, ndikungoona kumene anthu akutembenukira.

Chimphona china chamutswanyira Kyle kukhoma. Dala. Ndaona ndi maso angawa. Avula magolovesi, ayamba kuswana, oyimbira angoima n'kumaonerera! Atatopa, awatsekera onse awiri m'tikhola tagalasi. Onse awiri! Wayamba ndani? Ndaimirira. Woyimbirayo ndamuuza za maso ake, za mutu wake, ndi za amene anamulera. M'Chichewa chakwathu. Mayi wina wachisikoti pambali panga wandigwira dzanja, akuti sanamve kanthu koma akugwirizana nazo.

Athera kufanana mphamvu. Zonse zikaoneka mawa. Diso la mkamwini latupa ngati mandasi. Mawu anga apita.

Bambo a Tadala akundiyang'ana chammbali. Ayerekeze kuseka.

Lamlungu

Chinkhoswe chachitika. Mpunga, nkhuku, nthungululu, zonse.

Mkamwini: foni ya achimwene, yotsamiritsidwa ku botolo pampando wamaluwa. Iye ali m'chipinda chovalira ku Belfast, diso limodzi lotseka, anzake akusuzumira kumbuyo.

Monga mwa mwambo, alowa atatu atafunda zitenje kumutu kuti aloze wake. Wayang'ana. Wayandikitsa nkhope. Waloza wapakati, mosakayika n'komwe.

Tivundukula: Mayi Gondwe. Analowamo mongocheza.

Holo yonse yagwa ndi phwete. Abusa atuluka panja atagwira pamimba. Anzake aja akumenyetsa ndodo pansi, akuyesa wakhoza. Netiweki yaduka pomwepo.

Tadala waseka mpaka misozi, ndiye ine ndinenenji?

Madzulo apambananso. Mwana wanga sakupita ku Canada. Sabata yamawa kulinso masewero, ndipo andigulira kale tikiti osandifunsa.

Mayi Gondwe atumiza uthenga. Akuti tiwapatse nthawi, akaganizire kaye.

Mutu ukuwawa. Mbale zitsukidwa mawa.