Buku la Alamu Taligawa Patatu

Lolemba

Lero ndi lero! Alamu anga a ku Ndola, mlongo wa amuna anga, aphunzitsi opuma, andibwereka buku. Buku lenileni la nkhani, m'Chinyanja chathu, longotuluka kumene, agula ku Chipata. Lonenepa ngati buledi. Kuno ku Kitwe Chinyanja timachiwerenga m'Baibulo basi. Ndayamba ndalinunkhiza. Fungo la tsiku loyamba kusukulu!

Mawu a alamu potsanzika: "Mulamu, Lamulungu ndibwera kudzatenga. Osapinda ngakhale tsamba."

Dongosolo langa:
1. Kuyambitsa gulu la owerenga. Ine ndi anzanga a mukwaya, Amake Dalitso ndi aNatembo.
2. Aliyense alisunge masiku awiri.
3. Loweruka tikumane pano, timwe tiyi, tikambirane ngati anthu ophunzira.
4. Miseche ayi.

Lachiwiri

Ndikuwerenga pamsika wa Ipusukilo, buku pamwamba pa mulu wa salaula, zovala zakale zimene ndimagulitsa. Nkhani yake: mkazi wamasiye, nyumba yabwino, amuna awiri akumufuna. Wina mkulu wa mpingo, wina woyendetsa taxi. Kukoma! Mayi wina wapempha siketi, ndamupatsa thalauzi.

Masana anzanga afika kunyumba. Akuti masiku awiri sakwana. Amake Dalitso atulutsa lezala m'chikwama.

"Buku si mwana, silimva kupweteka. Tidzamata."

Ndisanatsegule pakamwa, zidutswa zitatu pa tebulo! ANatembo atola chomaliza: "Ine ndi BP yangayi sindingadikire mathero." Amake Dalitso atenga chapakati. Ine chandigwera choyamba, pamodzi ndi chikuto chakutsogolo.

Koma mwina n'zoona, tidzamata.

Lachitatu

Foni m'mamawa. ANatembo: "Anzanga, wamwalira!"

Ndavala kale duku, ndikufunafuna chitenje cha kumaliro. Ndani kodi?

"Wa taxi uja."

Wa taxi! Ine ndangoyamba kumukonda dzulo! Ndawauza kuti owerenga enieni saulula mathero. Akuti pepani, satchulanso kanthu. Kenako akuti, "Koma za mimba ija simungaganizire."

Mimba iti?

Tsiku lonse ndawerenga masamba anayi okha. Munthu akuseka m'bukumo, ine ndikudziwa kuti ndi maliro oyenda.

Lachinayi

Chidutswa changa chasowa. Ndafuna:
pansi pa pilo,
m'belo la salaula,
pamwamba pa fuliji,
m'chimbudzi momwe.

Palibe.

Amuna anga, Atate ake Chisomo, aweruka ku mgodi wa Mindolo, chidutswa chili m'chikwama chawo cha chakudya! Munthu amene chikwatirane chathu sindinamuone akuwerenga china koposa zigoli za mpira.

"Ndimangoona pang'ono, Amake Chisomo."

Pang'ono pake amaliza chonse. Nthawi yopuma amawerengera anzawo, uku akumasulira m'Chibemba. Pa tsamba lililonse chala chakuda cha gilizi. Akuti anzawo atsutsana mpaka kuiwala kudya, ndipo akufuna kudziwa ngati mkulu wa mpingo uja ndi wakuba. Mawa akupita nachonso, a shifiti ina sanamve.

Ndayesa kufuta gilizi ndi sopo. Tsamba labooka.

Lachisanu

Amake Dalitso apita ku Chipulukusu, mwana wawo wachira, kwabadwa mdzukulu. Ndawayamikira. Chapakati apita nacho.

Chipulukusu ndi Ndola yomweyo! Alamu amagula ndiwo kufupi pomwepo. Akangokumana mu minibasi, ine ndathera pomwepo.

Ndaimba foni. "Musade nkhawa, anzanga, chili bwinobwino. Masamba awiri okha ndiwo anyowa."

Anyowa ndi chiyani? Foni yaduka. Ndikumva chabe kulira kwa khanda m'makutu.

Lero sindinawerenge chilembo. Ndilibe choti n'kuwerenga.

Loweruka

Msonkhano woyamba wa gulu. Ndaphika masikono, ndayala nsalu ya tebulo ya pa Khirisimasi. Ofika:
aNatembo,
Amake Dalitso, mochedwa, chapakati chili chofufuma,
Atate ake Chisomo,
anzawo atatu a kumgodi, osaitanidwa,
Bana Chanda a nyumba yoyandikana. Chinyanja sawerenga, anamva fungo la masikono.

Aliyense akufotokoza gawo lake, nkhani yalumikizana. Mkangano wake! Wina wa kumgodi wamenya tebulo, akukana m'Chibemba: "Awe mukwai, mkazi uja analakwa!" ANatembo akupukuta misozi. Bana Chanda ali kumbali ya mkulu wa mpingo, sakudziwa n'komwe dzina lake.

Ine ndili kukhichini. Ketulo yachinayi. Ndikangolowa ndi tiyi ndimva chinsinsi china. Tsopano ndikudziwa mwini mimba, wakuba, ndi amene analandira nyumba. Chimene sindikudziwa ndi mmene zinachitikira.

Asankhana maudindo. Wapampando: Atate ake Chisomo. Ine akuti ndikhale woona za tiyi.

Atapita, tamata ndi guluu wa nsapato. Tatsindikiza ndi njerwa.

Lamulungu

Alamu afika titangoweruka kutchalitchi. Ndapereka buku ndi manja awiri, nditagwada. Lapindika ngati nthochi. Likununkha gilizi, guluu ndi khanda.

Alitembenuza, alitembenuzanso.

"Mulamu, ili linagwera mu mgodi?"

Ndisanayambe kupepesa, Atate ake Chisomo alowerera: kodi wa taxi anafunikadi kufa? Alamu maso gwa! Akhala pansi. Akambirana mpaka tiyi wazizira kawiri. Zaka zonsezi awiriwa sanachezepo motalika chonchi.

Buku alikulunga m'pulasitiki ngati nsomba. Akuti lina likatuluka adzabwereka "achimwene, popeza m'nyumba muno ndiwo amawerenga."

Ine ndalekera pa tsamba 31. Wa taxi waima pakhomo la mkazi wamasiye, nsapato zopolisha, akuti agogode. Wamoyo, wathanzi, sakudziwa kanthu. Kwa ine akhale pomwepo.

Mawa ndikutsegula belo latsopano. Zovala za ana.