Mwezi ndi Nsomba za Esita

Lolemba

Mwana wanga Esita wafika ndi bokosi lagalasi, walifungatira ngati khanda. Muli nsomba zitatu zofiira. Akusamuka ku Kanjedza kupita ku Machinjiri, ndiye akuti tisunge mpaka Lamulungu. Kenako akuyang'ana ine: "Adadi, zikakhala bwino sabata ino, ndi zanu basi. Koma musachite zanu zija."

Zanga ziti? Ine?

Ndisaname, nsombazi ndikuzifuna. Chisiyireni ntchito ya ulonda, tsiku limatalika, munthu mpaka kuyamba kucheza ndi abuluzi. Mayina ndapereka kale. Yonenepa ndi Bwana. Yaukali ndi Apongozi. Yosatseka pakamwa ndi Kondakitala.

Malamulo a Esita: chakudya cha m'kabotolo kamodzi pa tsiku, kapampu kasazimitsidwe, madzi ndisawakhudze. Za mwezi sanatchule.

Lachiwiri

Nsomba zikungozungulira ngati anthu ofuna ganyu ku Limbe. Vuto ndalipeza: sizinaonepo mwezi! Kwathu ku Nsanje mwezi ukakhwima, nsomba za mu Shire zimasintha khalidwe, aliyense amene anagwirapo nkhafi akudziwa. Izi zakulira pansi pa babu, ana amasiye enieni.

A Mukhito, aneba anga, aseka mpaka kutsokomola. "Nsomba za m'tauni izi, achimwene. Mwezi ziudziwira kuti?" Munthu wa ku Thyolo ameneyu, wokulira m'tiyi. Nsomba amaidziwa itauma kale pamsika.

Pulani yanga ndi yosavuta. Mwezi ukukhwima sabata ino. Ndiuonetse kwa nsomba, ziikire mazira, Esita apeze chigulu, agwire pakamwa, a Mukhito nawo achite manyazi.

Lachitatu

Tebulo la bokosi ndalikokera pazenera. Madzulo mwezi watuluka, wokongola ngati mbale ya alendo, koma ukuwalira khoma la chimbudzi cha a Mukhito. Kuno ku Zingwangwa nyumba zinathinana, mwezi umachita kupempha njira.

Kutulutsa bokosi panja sikutheka. Chingwe cha kapampu n'chachifupi, ndipo mphaka wa kuseri, amene sanandipatsepo moni chibadwire, lero wabwera kawiri kudzandizonda.

Ndagona chagada pamkeka, ndikuyang'ana denga. Pali lata limodzi pamwamba penipeni pa tebulo. Misomali yake inatopa kale. Eee!

Lachinayi

Mayi a Esita apita ku mphakati. Ine padenga, hamala m'manja. Lata lachoka mwaulemu, ndaliyedzamiritsa kuseri. Pabalaza pawala ngati m'tchalitchi!

Abwera. Ayang'ana kumwamba, ayang'ana ine, ayang'ananso kumwamba. "Abambo a Esita, mphepo yake iti imeneyi?" Ndati ndikukonza podontha. "Pamenepo ndi pokhapo pamene sipankadontha."

Madzulo ndakonzeka. Mpando, tiyi, magetsi ndazimitsa kuti mwezi usachite manyazi. Mitambo yokhayokha. Kondakitala akungoyasamula, ngati akuitanira anthu a ku Ndirande.

Lachisanu

Chiperoni! Chatsika ku Soche m'mamawa, chalowa pabowo langa ngati ndinachitumizira uthenga. Zanyowa ndi izi: mpando wa alendo, kalendala ya ku parishi, thumba la ufa, ine. Nsomba zokha ndi zimene sizikudandaula, zinanyowa kale.

Kukwera padenga loterera, pa msinkhu wanga uno? Ayi. Ndaimika ambulera pamwamba pa bokosi.

A Mukhito abwera kudzapepesa, mano onse panja. Akuti aona pafoni kuti kumayiko ozizira kumwamba kumayaka kuwala kobiriwira, mwina nsomba zachizungu zimamvera kumeneko osati mwezi wathu. Akundinyogodola, ndikudziwa. Komabe atangotuluka ndakulunga tochi m'jumbo yobiriwira, ndakwera pampando, ndikugwedeza pang'onopang'ono.

Zotsatira: Bwana sakusuntha. Apongozi andilozetsa mchira. Mayi a Esita atuluka kukhitchini, andipeza ndili chomwecho, abwerera osanena kanthu. Bola akanakalipa.

Loweruka

Chimfine. Mphuno ikudontha kuposa denga.

Madzi m'bokosi azizira, achita mbuu ndi fumbi la padenga. Bwana wakhala pansi, zipsepse wapinda, chakudya akungochiyang'ana. Apa ndiye nthabwala zandithera. Bokosi ndalifunditsa bulangeti langa, ine ndikunjenjemera m'jekete. Madzi ndikufuna kusintha, koma lamulo limenelo lokha ndiye ndikuliopa tsopano. Ndakhala ndi Bwana tsiku lonse, ndikumuuza nkhani za mu Shire, za mvuu ndi ng'ona, zina mwa izo zoona.

Mayi a Esita aitana mmisiri, lata labwerera pamalo pake. Mmisiriyo akufunsa kuti anazula ndi akuba kapena ndani. Kenako Mayi a Esita aimbira foni mwana wawo. Ndamva mawu ochepa chabe: "Bwera udzaone ntchito za bambo ako."

Lamulungu

Misa ndajomba, chifuwa. Esita wafika masana, wasintha madzi mwa njira yake, pang'onopang'ono. Bwana wadzuka, wadya. Mtima wanga pansi.

Zitatu zonse zamoyo. Dzira, ngakhale limodzi palibe. Ndayesa kufotokoza za mwezi ndi za kwathu. Wandisiya ndimalize, mwana waulemu. Kenako: "Adadi, zonse zitatu n'zazimuna." Mayi ake aseka mpaka kukhala pansi. Zoti mwezi umagwira nsomba za m'galasi kapena ayi, sindidziwabe, ndipo palibe amene adzandilole kufufuzanso.

Bokosi lapita ku Machinjiri. Akuti ndizipita kukaziona, manja kumbuyo. Ndavomera, ndikanati chiyani?

Patebulo patsala chidindo chamakona anayi pamene panali bokosi. Mayi a Esita abwera ndi kansanza kuti apukute. Ndawapempha adikire mawa.