Chete wa a Kalinde pa Namadzi

Pa Namadzi aliyense ankadziwa kuti a Kalinde, okonza mamota, sankawotcherera waya munthu akulankhula. Ankati mphamvu ya moto wa makina awo amaimva ndi khutu: moto ukachepa waya sagwirana, ukachuluka waya amasungunuka, mota n'kutheratu. Ndiye akati awotcherere ankakuwa kuti "Chete!" msika wonse zii. Oitanira minibasi ankachita kunong'ona, "Zomba, Zomba." Abusa ena anangotsokomola kamodzi, anabwerera ndi fani yawo ili zidutswa m'jumbo. Tambala wa a Felista ogulitsa nandolo analira pa nthawi yolakwika, mawa lake anali ndiwo.

Tsiku lina Chrissy anafika kushedi kwa a Kalinde ali wefuwefu, mwana wake Yamiko ali kumsana. Mwanayo anali ndi mphumu, ndipo kamakina komupumitsira mankhwala kanali katazima chifuwa chitam'gwira kale. Minibasi yopita kuchipatala inali isanayambe n'kudzaza komwe.

A Kalinde anakatsegula. "Waya waduka pa mota apa. Woonda ngati tsitsi. Ndikachulutsa moto, basi katha."

"Ndiye musachulutse, bambo."

"Ukundiphunzitsa ntchito, iwe? Chete!"

Msika unati zii. Koma m'chifuwa mwa Yamiko munkalira ngati wenzulo: fiii, fiii. Chrissy anakumbukira abusa aja, anakumbukiranso tambala. Anayamba kubwerera chambuyo kulowera pakhomo.

"Ukupita kuti?"

"Mwanayu akusokosa, bambo."

"Khala pompo. Phokoso limenelo lisasiye."

Anagunditsa khutu pa makina, kuwonjezera moto pang'ono, kuchepetsanso. Magetsi anaphethira. Mkuluyo anadikira, anamvetseranso. Kenaka tche! Kautsi kanakwera. Anauzira pa waya paja, n'kulumikiza kumagetsi. Kamakina kanayamba kung'ung'udza.

Mankhwala atalowa, chifuwa chinamasuka, Yamiko n'kulira mpaka kumveka kusiteji.

"Tsopano m'tulutse," anatero a Kalinde akupukuta m'maso ndi kansanza ka girisi. "Akusokosa."

A Kalinde anatisiya chaka chatha. M'shedi muja mukugulitsidwa masipika, nyimbo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo oitanira akukuwa mmene akufunira. Koma Chrissy akamadutsa pamenepo amangopezeka watsitsa mawu, Yamiko n'kum'koka chitenje.

"Amayi, mukunong'oneranji?"