Nkhondo ya Manja Osagwira Kanthu

Inali nove horas, naini koloko m'mawa, nkhungu ya mwezi wozizira itagonabe pa mapiri a Tsangano, pamene Clementina Nankhoma anamasula thumba n'kupeza kuti mbatatesi zake zayamba kuphukira.

Imvani, inu amene munabadwa mfuti zitatonthola. Chinali chaka cha noventa e um, ndiye kuti 1991, chaka chimene mchere ankauyesa pa chivindikiro cha botolo, sopo ankamudula ndi ulusi, ndipo anthu ankadya dzuwa likadali pamwamba kuti akagone kuthengo kusanade. Za nkhondo yaikuluyo analemba ena, ndipo enafe sitikonda kuikamba. Koma m'mimba mwa nkhondo imeneyo munabadwa nkhondo ina, imene sinalowe m'buku lililonse, ngakhale inagwedeza dziko lonse kuyambira pa chigayo kufikira pa mlatho wogumuka wa njira ya ku Ntengo-Wambalame, mtunda umene nkhalamba imayenda osapumira. Kuti mumvetse chimene chinaphukitsa mbatatesi za Clementina, tibwerere m'mbuyo masabata awiri.

Pa kamsika kameneko panali anthu awiri olemera. Woyamba anali Alberto Mbewe, Njovu ya Chigayo, Wosamba-ndi-Sopo, iye amene utsi wa injini yake unkaoneka kutsidya ku Malawi kukakhala kopanda mitambo. Wachiwiri anali Leonardo Ngozo, Mkango wa Ngolo, Wodyera-Mchere, mwini ng'ombe ziwiri zokhazo zimene zinatsala m'dera lonselo, zaukali moti asilikali a mbali zonse ziwiri anaziyesa n'kuzileka. Awiriwa ankaitanana kuti kumpadre, pakuti Alberto ndiye anagwira mwana wa Leonardo pa ubatizo.

Tsiku lina Mkango wa Ngolo anabwera kuchokera kumalire ndi televizau yaing'ono, vidiyo ndi kaseti imodzi, zonse zokulunga m'bulangete. Njovu ya Chigayo inapereka bateriya, imene injini yake yokha ndiyo inkatha kuidzaza moto. Anasankha nyumba yosungira katundu imene mzungu wasitolo anaisiya pothawa, anatseka mazenera ndi masaka, ndipo pa duas horas, thu koloko masana, mudzi wonse unali utakhala pansi. M'nyumbamo munali mpando umodzi wokha, wa ndalema, wansalu yamizeremizere, umenenso mzunguyo anausiya.

"Khalani inu, kumpadre," anatero Leonardo.

"Iyayi, kumpadre, inu ndiye mwatopa ndi ulendo."

Anakankhirana ulemu mpaka onse awiri anakhala pa masaka, mpando n'kuonera kanema uli wokha.

Kanemayo anali wa mzungu wina wachuma choopsa. Chinenero chake palibe anachimva, koma aprofesori Xavier, mphunzitsi amene boma linamutumiza kuchokera ku Tete, ankawerenga timawu ta Chipwitikizi m'munsi n'kumamasulira. Munthuyo anali ndi nyumba ya zipinda makumi anayi. Podzuka, wina ankamuveka malaya, wina nsapato. Wina ankamugwirira nyuzi kuti awerenge, wina ankamusendera nthochi, ndipo panali wina, bambo wamkulu wa ndevu zake, amene ntchito yake inali kunyamula kagalu. Mayi wina kumbuyo anati, "Koma ameneyu sagwira kanthu," ndipo dzina linamera pomwepo: Bwana Sagwira. Kanema atafika poti akumumanga kansalu m'khosi kuti adye phwando, bateriya inatha. Televizau inathima ngati kandulo.

Anthu akuchotsa masaka m'mazenera, Leonardo anaimirira, anakonza jekete, nayamba kuyenda molunjika ku mpando uja.

"Abale," anatero, "si mwa ngozi kuti kaseti imeneyi inagwera m'manja mwanga. Munthu mwamuonayu, kuchotsa khungu, ndi ine ndithu."

Pamenepo Njovu ya Chigayo inadzuka, ndipo akuti fumbi la ufa linagwa m'tsitsi lake ngati matalala.

"Leonardo mwana wa Ngozo, kumpadre wanga kufikira lero! Kodi Bwana Sagwira munamuona akukuwira ng'ombe? Munamuona ndowe ili kuphazi? Ine ndine mwini injini. Moto umene waonetsa munthu ameneyu unachokera m'nyumba mwanga. Mpandowo ndi wa Mbewe, ndipo dzinalo ndi la Mbewe!"

"Inu amene mumapukusa chitsulo cha injini m'mawa uliwonse, thukuta kamukamu, ngati mukusinja?"

"Kuyambira lero simudzandionanso nditachigwira."

"Ngakhale inenso chikwapu simudzandiona nacho."

Motero analumbira pamaso pa mudzi wonse kuti woyamba kugwira kanthu ndi manja ake ndiye wagonja, mpando ndi dzina zipite kwa mnzake.

Ndani angawerenge zamphamvu zimene ngwazi ziwirizi zinachita m'masiku amenewo? Lolemba Alberto anakana kupereka moni wa dzanja kwa akatekisita. Lachiwiri Leonardo anayenda msika wonse chipewa chili chopendama, chifukwa mphepo inachikankha ndipo mkazi wake anali kumunda. Lachinayi Alberto anamwa thobwa mkazi wake Inês atamugwirira chikho, theka n'kulowa m'malaya. Lamulungu kutchalitchi nsabwe inaluma Leonardo pakati pa msana, ndipo iye, mwana wa Angoni, anapirira mpaka pa uthenga, kenako anakadzikhula pa chipilala ngati ng'ombe zake. Kunkazizira, mamina ankatsika, koma palibe anakweza dzanja.

Chigayo chinatonthola, pakuti chitsulo chopukusira injini Alberto sankalola munthu wina kuchikhudza. Ngolo inaima, pakuti ng'ombe zija zinkamvera Leonardo yekha, ndiponso ndi iye yekha amene ankadziwa poponda m'njira ya kumalire, mmene munali mabomba okwirira.

Apa ndi pamene tibwerera kwa Clementina, atagwada m'nkhungu, mbatatesi ili m'manja. Anali ndi matumba khumi ndi awiri, ana atatu ndi bulangete limodzi. Mwamuna wake anamutenga anthu amfuti chaka chapitacho kuti akawanyamulire katundu, ndipo anali asanabwere. Msika wa kumalire unali Loweruka. Mbatatesi yophukira ogula amaibweza osaifunsa mtengo, ndipo matumbawo akanapanda kupita sabata imeneyo, m'nyumbamo simukanalowa mchere kapena bulangete lina mpaka chaka chamawa. Anamanganso thumba, napita kusukulu.

"Aprofesori, kanema uja mumamasulira mawu asanatuluke. Munamuonapo kale."

Xavier anasuzumira kukhomo. "Ku Tete, kawiri."

"Amatha bwanji?"

Mphunzitsi anamunong'oneza. Clementina sanaseke. Anangoti, "Nanga osawauza?"

"Mayi, nyumba ndikugonamo ndi ya aNgozo, ufa ndimadya ndi wa aMbewe. Mbuzi ikagona pakati pa afisi awiri siilalikira."

"Musalalikire. Mudzangowerenga zimene zalembedwa."

Clementina anapeza Alberto atakhala padzuwa, manja ali pa mawondo chagada, ntchentche ikuyendera mphuno yake.

"Wawa aMbewe. Aprofesori akuti kumapeto kwa kanema uja Bwana Sagwira amalandira zomuyenera, anthu onse akuona. Ndimati mwina mwini dzina akanakonda kukhala pampando pamene zikuchitika. Koma aNgozo akuti inu mukuopa, n'chifukwa chake bateriya simukuidzaza."

Leonardo anali asananene zimenezo, koma anazinena madzulo ake Clementina atamuuza kuti Alberto wanena zomwezo.

"Kuopa ine?" inabangula Njovu, ntchentche n'kuthawa. "Koma injini ailiza ndani? Ine ndinalumbira."

"Bwana salamula ndi manja, bambo. Amalamula ndi pakamwa."

Mawu amenewa anamukomera Alberto. Anaima pakhomo la chigayo, manja kumbuyo, akufuula malamulo, pamene Clementina ankapukusa chitsulo ndipo Inês anagwetsa kampini ka injini pa nthawi yake. Injini inatsokomola kawiri n'kulira. Chinsinsi cha zaka khumi ndi zisanu chinatha pa mphindi zitatu. Ndipo popeza lamba woyendetsa moto wa bateriya ndi yemweyo woyendetsa chigayo, amayi amene anali atabisala kuseri ndi madengu anaona kuti kungakhale kuwononga kusathiramo chimanga.

Lachisanu pa duas horas nyumba inadzaza. Atakambirana kwa ola lathunthu kudzera mwa akatekisita, ngwazi ziwirizo zinagwirizana kuti aliyense aike thako limodzi pampando, ndipo zinakhala choncho, mapewa ogundana, nkhope zosiyana kolowera, manja m'mwamba ngati anthu ogwidwa.

Kanema anayambira pa phwando paja. Wophika, mayi wonenepa, anayetsemula pobweretsa nyama, ndipo Bwana Sagwira anamuchotsa ntchito pomwepo.

"Mwaona?" anatero Leonardo. "Ulamuliro."

Koma mayiyo potuluka, wa malaya anamutsatira, wa nsapato anamutsatira, wa nyuzi, wa nthochi, mpaka wa ndevu uja anaika kagalu pansi n'kunyamula chipewa. Kutacha, Bwana Sagwira anadzuka yekha. Anavala buluku, koma mabatani anamukanika. Anatsegula zitseko makumi atatu kufuna khitchini, dzanja limodzi litagwira buluku.

"Akuti chiyani pamenepo, aprofesori?" anafunsa Clementina.

Xavier anayang'ana timawu ta m'munsi tija. "Akuti... akufunsa kagaluko ngati kakudziwa kumene madzi amachokera."

Woyamba kuseka anali Inês. Anayesa kutseka pakamwa ndi chitenje, koma kuseka kwa masabata awiri ogwirira munthu chikho sikutsekeka. Kenako nyumba yonse inaphulika. Bwana Sagwira anaiyang'ana nthochi mbali zonse osadziwa poyambira. Anagwada kuti adye m'mbale ya kagalu, kagalu n'kumuluma khutu. Pomaliza anathamangitsa nkhuku pabwalo, buluku linagwa, ndipo anagwera chamutu m'dziwe lake losambiramo, antchito ake aja atakhala pa mpanda akudya chimanga chootcha. Anthu sankadziwa koyang'ana, ku televizau kapena kumpando, ndipo ambiri anasankha kumpando.

Ngwazi ziwirizo zinadzuka nthawi imodzi, ndipo mpando unadzipinda n'kugwa.

"Anthu a kwa Ngozo ndi alendo nonse!" anatero Leonardo. "Ndakhala ndikulingalira, ndipo mtima wanga wandiuza kuti ndinamulakwira kumpadre wanga. Ine ndine ndani? Munthu wa ndowe kuphazi. Dzinali ndi la Mbewe, monga ananenera yekha."

"Iyayi!" inayankha Njovu. "Kodi si inu munati kuchotsa khungu ndi inu ndithu? Mudzi wonse unamva. Ine ndi wopukusa chitsulo chabe. Onani manja awa!"

Onse anatambasula manja kuti anthu aone matuza, koma atapuma masabata awiri manjawo anali osalala ngati a mwana wakhanda. Anthu anayambanso kuseka, ndipo nkhondo ikanayambiranso motembenuka, Clementina akanapanda kuimirira.

"Pepani akuluakulu, ine ndi munthu wosaphunzira. Koma kwathu kuli matumba khumi ndi awiri, ndipo ngolo ili uko. Amene si Bwana Sagwira tikamuonera pamenepo."

Olemba mbiri amasiyana pa za amene anatuluka pakhomo poyamba, chifukwa anapanikizana pamenepo kwa kanthawi. Chodziwika n'chakuti Alberto ananyamula matumba asanu ndi awiri, Leonardo asanu, koma Leonardo anamanganso ng'ombe m'goli ndipo imodzi inamuponda, zimene akatekisita anagamula kuti zikulingana ndi matumba awiri.

Pangano la mtendere analiwerenga Xavier ataima pa ngolo, dzuwa lisanalowe. Linati dzina la Bwana Sagwira lipite kwa nkhumba ya Inês, imene sinatsutse. Linati pa mpando wa ndalema pasadzakhalenso munthu wobadwa mwa mkazi, koma bateriya, popeza ndi yokhayo inatopa moona m'nkhondo yonseyi. Choncho anaikhazika pampando, anaifunditsa kansalu, ndipo akumpadre awiriwo anainyamula kuzungulira msika katatu, amayi akuimba nthungululu, madoda akuvina ngoma ndi zivindikiro za migolo m'malo mwa zishango. Leonardo anapereka mchere wodzaza zivindikiro ziwiri za botolo. Alberto anatulutsa sopo kuti anthu asambe m'manja, ngakhale anaima pafupi n'kumauza aliyense kuti, "Basi, basi, kwakwana."

Loweruka m'mawa Clementina anayenda kumbuyo kwa ngolo, akuponda mmene mwadutsa gudumu, osapatuka ngakhale phazi limodzi. Kumalire anagulitsa matumba khumi. Awiri ogula anawabweza, chifukwa anali ataphukira kwambiri. Anabwera ndi bulangete, mchere ndi matumba awiriwo.

Lolemba, chigayo chikulira ndipo akumpadre akukangana za amene anadzuka m'mawa kuposa mnzake, Clementina anasenza mbatatesi zophukirazo, anatenga khasu, natsikira kudimba kukazibzala.