Tayala Lomwe Linaphulika pa Mlatho wa Zambezi

Iwe ukuseka kumbuyoko, bwera kuno udzagwire phewa langali, undiuze ngati munthu amabadwa ndi dzenje lotere. Ine Zakariya wa ku Matema, mu Tete muno, ndinayamba kumata matayala nkhondo isanathe, ndipo zolemba za m'mbali mwa tayala ndimaziwerenga ndi chala, maso ali chitsinzinire.

Nthawi imene anthu othawa nkhondo ankabwerera kuchokera ku Malawi, anaima pakhomo panga a Fulansishiku, dalaivala wa kagalimoto kotsegula kumbuyo, atapakira mabanja asanu ndi anayi, malata, zitseko, mbuzi, mitondo ndi chigayo chathunthu, onsewo akupita kutsidya kwa Zambezi, ku Chimadzi, kukamanganso nyumba zawo.

Anati, "Mesitiri, mmisiri wathu, ndipopereni mpweya mpaka 82, monga alembera pa tayalapa."

Ndinagwada, n'kupukuta fumbi ndi malovu: 175/70 R13 82T. Ndinawauza bwinobwino kuti 175 ndi kufutukuka kwa tayala, 70 ikunena msinkhu wa khoma lake, 13 ndi kukula kwa chitsulo chimene limavala, T ndi liwiro, koma 82 si mpweya ayi, ndi chizindikiro cha katundu amene lingasenze, makilo osafika mazana asanu. Ndinati, "Kompadire, bwenzi langa, tsitsani anthuwa, muyende kawiri." Anandiseka, n'kulanda pampu yanga, kupopa okha mpaka tayala kuuma ngati mwala. Zinandiwawa, ndipo ndinachita mantha, chifukwa pamwamba pa malatapo panali ana.

Atanyamuka, ndinawathamangira. Mukumva? Pakati penipeni pa mlatho tayala lakumbuyo linaphulika, phokoso lake nkhuku za ku Chingodzi zinaikira mazira a mawa lake, ndege imene inkatera pa bwalo la kumeneko inabwerera komwe inachokera, galimoto n'kupendekera kumadzi, ng'ona zitayasamula kale pansipo, amayi akulira, ndiye ine ndinalowa pansi, kuika phewa pomwe panali tayala, kunyamula zonsezo n'kuyamba kuthamanga, ndipo a Fulansishiku, osadziwa kanthu, anaona kuti galimoto yayamba kuyenda bwino n'kusintha giya, ine n'kuwonjezera moto, patapata zanga kusungunuka, tinapitirira malole atatu, mayi wina akundimwetsa madzi ndi chikho ndili pa liwiro, mbuzi ikundidya kolala, mpaka tinafika ku Chimadzi osagwa ngakhale munsi umodzi. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu!

Atatsika, a Fulansishiku anazungulira galimoto kawiri kufunafuna tayala, n'kupeza ine ndikufuka utsi. Anavula chipewa. Kuyambira tsikulo dalaivala aliyense mu Tete muno amagwada kaye n'kuwerenga zolemba za pa tayala asanapakire, ndipo anawaphunzitsa ndine.

Ukuti chiyani? Anawagulitsa ndani a Fulansishiku tayala laling'ono chotero? Ndine, mmene ankapita kumalire kukatenga anthuwo. Koma tsiku limenelo anabwera opanda katundu, ndipo sanandifunse.